Kuyimbira mpira wa ana: mmene mungaziziritsire wosewera wopsa mtima popanda kumugwira

Ndewu ya mu mpira wa ana a zaka 12 mpaka 17 siyamba ndi chibakera. Imayamba ndi ndale yomwe woyimbira sanaione, jezi yomwe yakokedwa kangapo popanda wezulo, kapena mawu otukwana mayi a munthu omwe anenedwa chapansipansi podikira kona. Pofika nthawi yomwe ana awiri agundanitsa zifuwa, woyimbira amakhala atachedwa kale, ndipo ambiri amawonjezera moto pothamangira kukagwira mwana pamkono, kumukoka jezi kapena kumukankha pachifuwa kuti abwerere. Malangizo awa ndi a inu oyimbira m'mabwalo a sukulu, m'maligi a achinyamata ndi m'mabonanza, komwe kulibe mpanda, apolisi kapena woyimbira wachinayi. Zida zanu ndi wezulo, mawu, malo amene mwaima ndi makhadi. Manja sali m'gululi.

Mpira usanayambe

Fikani patatsala mphindi 45 kapena ola lathunthu. Yendani bwalo lonse mukuchotsetsa miyala, zitsa ndi mabotolo osweka. Pa bwalo louma gwa la mu Okutobala, kugwa komwe pa kapinga mwana akanadzuka n'kupitiriza kumamusupula khungu, ndipo mwana wosupuka amadzuka akufuna kubwezera. Pemphani eni bwalo athire mzere wachiwiri wa phulusa kapena laimu, mamita awiri kapena atatu kuchokera pa mzere wa m'mbali, kapena amange chingwe, kuti ochemerera asamapumire osewera m'khosi.

Poyang'ana zovala, yambani pomwepo chizolowezi chosagwira ana. Mwana atukule yekha phazi kuti muone kunsi kwa nsapato, agogode yekha pamsongolo kuti mumve ngati wavala zotchingira. Lamulo 4 la mpira limaletsa mikanda, ndolo, mphete, zibangili ndi zingwe za pakhosi kapena pamkono, ndipo kuziphimba ndi tepi sikuloledwa. Chingwe chomwe mwana wamangiridwa kunyumba musachidule inuyo, ngakhale kuchikhudza. Uzani kochi wake kuti mwanayo salowa mpaka chitachoka, nkhaniyo athane nayo okha.

Kenako itanani makochi onse awiri pamodzi, osati mmodzimmodzi, mugwirizane zinthu zitatu. Choyamba, malamulo a mpikisanowo akuti chiyani pa zinthu zomwe IFAB, bungwe lolemba malamulo a mpira, limalola mu mpira wa achinyamata: kutulutsa wosewera kwa kanthawi, kulowetsanso wosewera yemwe anatuluka kale, ndi lamulo loti kaputeni yekha ndiye ayandikire woyimbira. Zitatuzi zimagwira ntchito pokhapokha eni mpikisano atazivomereza, choncho musaziyambitse nokha mpira uli mkati. Chachiwiri, wamkulu uti amene adzakhale ndi mwana wolandira khadi lofiira. Chachitatu, pangano la ndewu: "Akochi, pakabuka chipwirikiti musalowe mpaka nditakukodolani. Ndikakukodolani, aliyense atenge ana ake okha, asakhudze wa timu inayo."

Madandaulo oti uyu ndi wamkulu zaka sakhala osowa. Inu simuyeza zaka poyang'ana ndevu. Onani ziphaso ngati mpikisano uli nazo, lembani dandaulolo kuti likalowe mu lipoti, ndipo sungani m'mutu nambala ya wosewerayo, chifukwa ndi amene anzake adzamulowere mwaukali.

Kugundana kololedwa ndi kosaloledwa

Mpira ndi masewero ogundana. Woyimbira woyimba wezulo pa kukhudzana kulikonse amakwiyitsa ana mofanana ndi woyimbira wosayimba n'komwe. Phewa ndi phewa n'kololedwa ngati mpira uli pafupi moti onse angathe kuufikira, mkono uli m'thupi, ndipo wogundayo sanachokere kumsana. Kutchinga mpira ndi thupi n'kololedwanso, bola asamakankhe mnzake ndi mkono. Chigongono chikatuluka, kapena phewa likagunda pakati pa msana, ndi fawulo.

Lamulo 12 limagawa mafawulo ogundana m'magulu atatu, ndipo chisankho chanu chonse chagona pamenepa. Wosewera akalowa mosasamala, mwachitsanzo wachedwa pang'ono n'kupinga mnzake pofuna mpira, ndi firikiki yokha popanda khadi. Akalowa osalabadira kuti mnzake avulala, ndi khadi lachikasu. Akagwiritsa ntchito mphamvu zopyola muyeso kapena kuika thupi la mnzake pachiswe, ndi lofiira. Kuti musiyanitse, dzifunseni msanga: anabwera ndi liwiro lotani, anali ndi mwayi weniweni wofika pa mpira, wagunda ndi chiyani, ndipo wagunda pati. Mkati mwa phazi kugunda nsapato ya mnzake n'kosiyana ndi kunsi kwa nsapato kutera pa kakolo kapena pa bondo mwendo uli wowongoka. Wolumpha miyendo yonse iwiri itachoka pansi sangathenso kudziletsa, ndipo zimenezi zimamuyandikitsa ku khadi lofiira ngakhale atakhudza mpira. Mawu akuti "ndamenya mpira, a refa!" si chitetezo. Kukhudza mpira sikufafaniza zomwe mwendo wachita pambuyo pake.

Vuto lenileni la mpira wa ana ndi kusiyana kwa matupi. Pa zaka 14 wina watha kale msinkhu, wina akadali kamwana. Wamkulu thupi salakwa chifukwa cha thupi lake: akagunda phewa ndi phewa mwachilungamo wamng'ono n'kugwa, mpira upitirire, ndipo nenani mokweza kuti "palibe, dzuka tiye!" kuti onse amve kuti mwaona. Koma lamulo limayang'ananso ngozi, ndipo liwiro lomwe kwa ofanana msinkhu likanakhala fawulo wamba likhoza kukhala la khadi kwa osiyana makilogalamu 20. M'mipikisano ina ya m'midzi mumapeza wovala nsapato za mpira akulimbana ndi wopanda nsapato. Malamulo amafuna kuti aliyense avale nsapato, koma eni mpikisano akalola zotere, phazi lililonse lotsika kuchokera m'mwamba muliyimbire msanga.

Kukokana pa kona kuli ndi ndondomeko yake. Mpira usanamenyedwe, imitsani ndi kuchenjeza awiriwo. Akapitiriza mpira usanamenyedwe, khadi lachikasu. Akachita mpira utamenyedwa, firikiki kapena penate.

Kuona utsi moto usanayake

M'mphindi khumi zoyambirira yimbani mafawulo ang'onoang'ono omwe mwina pambuyo pake mungawalekerere. Ana amakhala akuyesa malire, ndipo n'kosavuta kumasula pang'ono m'chigawo chachiwiri kusiyana ndi kumanga zomwe zamasuka kale.

Khalani mamita 10 mpaka 15 kuchokera pa mpira, cham'mbali, kuti muziona mpata wa pakati pa osewera awiri. Mukaima kumsana kwa mmodzi simuona dzanja lomwe lakoka jezi. Chachikulu kwambiri: mpira ukachoka pomwe panali kugundana, maso anu atsalire pamenepo kwa sekondi imodzi kapena ziwiri. Kubwezera kumachitika nthawi imeneyo, pomwe aliyense watembenukira ku mpira.

Samalani ndi advantage, kutanthauza kulola mpira kupitirira pachitika fawulo chifukwa timu yolakwiridwayo ipindula. Kwa akuluakulu, wosewera wochitidwa fawulo amamvetsa kuti timu yake yapindula. Mwana amangodziwa kuti wamenyedwa ndipo refa sanayimbe. Pakati pa bwalo kapena chakumbuyo, ingoyimbani. Mukalola mpira kupitirira, fuulani kuti mwaona, ndipo mpira ukaima bwererani kwa wolakwayo ndi mawu kapena khadi. Pa fawulo ya khadi lofiira, malamulo amati musalole kupitirira pokhapokha pali mwayi woonekeratu wa chigoli.

Mwana yemwe watsala pang'ono kuphulika amaoneka. Amasiya kutsata mpira n'kumatsata munthu. Amapuma mofulumira, wafumbata zibakera, akulankhula yekha kapena akukalipira anzake a timu yake. Ena amangoti zii, maso ali ndi misozi, ndipo amenewa ndi oopsa kuposa olongolola. Nthawi zoopsa nazo zimadziwika: timu ikangogoletsedwa, wosewera akamenyedwa tobo ochemerera n'kuseka, penate ikakanidwa, mphindi zomaliza timu ikutsalira ndi chigoli chimodzi, ndiponso pa bonanza pomwe ana akusewera mpira wachitatu tsiku limodzi ndi njala. Kutentha kumafupikitsanso mtima. Ku Chikwawa, Nsanje kapena Mangochi m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala gwiritsani ntchito zomwe malamulo amalola: kupuma kwa kumwa madzi kosapitirira mphindi imodzi, kapena kupuma kozizira thupi kwa masekondi 90 mpaka mphindi zitatu, kenako muwonjezere nthawiyo kumapeto kwa chigawo.

Kulankhula naye

Yambani ndi mawu achinsinsi mpira ukuyenda. Mukamadutsa pafupi naye nenani motsitsa: "Nambala 6, ndaona zomwe wakuchita uja. Ndisiyire ine, iwe sewera." Mwana wokwiya amafuna kudziwa kuti wina waona. Akamva zimenezo, nthawi zambiri zibakera zimamasuka.

Zikapanda kuthandiza, mpira ukaima muitanireni pambali. Musamuitane ngati mukuitana wakuba, ndipo musamuthamangire. Sankhani malo oti nonse muyende pang'ono n'kukumana, kutali ndi benchi ndi ochemerera, inu mutayang'ana bwalo lonse. Imani chammbali pang'ono, mamita awiri kapena limodzi ndi theka kuchokera pa iye, manja ali pansi, zikhatho zotsegula kapena kumbuyo. Chala chisaloze kumaso. Kwa ana aang'ono weramani pang'ono kuti musamuphimbe ndi msinkhu. Dikirani masekondi angapo musanalankhule, apume. Kenako mawu ochepa, osapitirira ziganizo zitatu: chomwe wachita, chomwe mukufuna, chomwe chitsatire. "Mphwanga, aka n'kachiwiri ukulowa mochedwa. Miyendo ikhale pansi. Ukabwerezanso ndi khadi." Funso loti "wamva?" ndi lokwanira. Musamufunse kuti "bwanji ukuchita zimenezi?", chifukwa mwatsegula mlandu womwe suthera m'bwalo.

Pali zinthu ziwiri zomwe oyimbira amaziwerenga molakwa. Mwana woleredwa kwathu kuno amayang'ana pansi wamkulu akamamudzudzula, ndipo umenewo ndi ulemu. Kumukakamiza kuti "ndiyang'ane ndikamalankhula" n'kumuchititsa manyazi pachabe. Winanso amamwetulira chifukwa cha mantha kapena manyazi, osati mwano. Weruzani zomwe achite mpira ukayambanso, osati nkhope yake. Ndipo musalonjeze khadi lomwe simupereka. Ana 22 onse amamva, ndipo adzayesa ngati munanena zoona.

Gwiritsaninso ntchito kaputeni ndi kochi. Kaputeni wa zaka 15 alibe mphamvu zambiri, koma mawu oti "kaputeni, lankhula ndi nambala 6 wako ndisanalankhule naye ine" amagwira. Komwe mpikisano umalola kulowanso, kungodutsa pa benchi n'kunena kuti "akochi, nambala 6 watentha" kumapulumutsa mwana ku khadi lofiira: amatuluka, amamwa madzi, n'kubwerera patapita mphindi zingapo. Inu simungalamule kusintha wosewera, mumangodziwitsa.

Komwe kuli sin bin, kutulutsa wosewera kwa kanthawi kuja, IFAB inavomereza njirayi mu 2017 pa mpira wa achinyamata ndi wa m'madera, ndipo nthawi yake ndi 10 mpaka 15 peresenti ya nthawi ya mpira wonse: mphindi 10 pa mpira wa mphindi 90, mphindi 8 pa wa mphindi 80, ndiye kuti 6 mpaka 9 pa wa mphindi 60. Mumaonetsa khadi lachikasu, kenako n'kuloza ndi manja onse awiri komwe akakhale. Nthawi imayamba kuwerengedwa mpira ukayambanso iye atatuluka. Pa lamulo la kaputeni yekha, chizindikiro cha mu mpira wa achinyamata ndi kukweza manja pamwamba pa mutu mutapingasa pa mfundo za manja, kenako kuwatambasulira kutsogolo zikhatho zili zotsegula. Osewera ena onse atalikire mamita 4, ndipo wolowa m'malirewo alandira lachikasu.

Chifukwa chake manja akhale kutali

Oyimbira ambiri a mpira wa ana ndi aphunzitsi, makolo kapena achimwene a m'dera, anthu ozolowera kugwira mwana paphewa, kumukoka khutu kapena kumugogoda m'mutu. Mukavala yunifolomu ya woyimbira zonsezo zitsale kunja.

Mwana wopsa mtima akagwidwa mwadzidzidzi amagwedeza mkono kuti adzimasule, asanaone n'komwe amene wamugwira. Mkonowo ukakumenyani kumaso, mwana yemwe amayenera khadi lachikasu wapalamula mlandu womenya woyimbira, womwe chilango chake chimakhala chachitali, pomwe woyambitsa kukhudzanako ndi inu. Mukagwira mmodzi manja kuchokera kumbuyo, mwamusandutsa chandamale: mnzakeyo amamenya momasuka, ndipo timu yonse ya wogwidwayo imaona kuti refa wathandiza adani. Kholo lomwe lili kunja silimva zomwe mukunena, limangoona munthu wamkulu wagwira mwana wake, ndipo ndi pomwe ochemerera amalowera m'bwalo. Masiku ano pali foni m'manja mwa aliyense, ndipo kanema wa masekondi asanu pa WhatsApp saonetsa zomwe zinachitika poyamba. Pomaliza, pamene mukulimbana ndi mmodzi simukuona ena 21, ndiye kuti makhadi anu adzakhala ongopeka.

Palinso mbali ya chitetezo cha ana. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko la Malawi amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo FIFA inakhazikitsa ndondomeko ya FIFA Guardians mu 2019 yoteteza ana mu mpira. Woyimbira wamwamuna pa mpira wa atsikana asamale koposa, koma lamulo ndi limodzi kwa onse. Ngakhale kukhudza kwa chikondi, monga kusisita mutu wa mwana yemwe akulira kapena kumukoleka mkono m'khosi, kusiyireni kochi wake. Kupatsana moni wa m'manja kapena kugundanitsa zibakera mpira usanayambe ndi utatha, poyera, palibe vuto.

Pali nthawi imodzi yomwe simungangoima n'kumalemba: mwana ali pansi akupondedwa, kapena wina wamukanyanga pakhosi. Pamenepo kodolani makochi nthawi yomweyo, fuulani, ndipo ikani thupi lanu pakati, manja otambasula, zikhatho zotsegula. Ngati palibiretu njira ina, chikhatho chotsegula paphewa kapena kumtunda kwa mkono, kungomutalikitsa, n'kusiya pomwepo. Osakoka jezi, osagwira khosi, osakumbatira, osanyamula. Mukatero lembani mu lipoti zomwe munachita ndi chifukwa chake, wina asanakulembereni.

Ndewu ikabuka

1. Yimbani wezulo yamphamvu, yaitali, mukuthamangira pamalopo. Kufika msanga kumazimitsa mikangano yambiri isanakule.
2. Mamita atatu omaliza chepetsani liwiro ndipo chotsani wezulo pakamwa. Chigongono chosochera chikagunda wezulo ili m'kamwa chimathyola mano.
3. Ngati akadangokalipirana ndipo pali mpata pakati pawo, lowani mumpatamo chammbali, osawakhudza, n'kulankhula ndi wokwiya kwambiriyo pomutchula nambala kapena dzina: "Nambala 9, bwerera! Ndaona, ndithana nazo!"
4. Zibakera zikayamba kapena osewera akaunjikana, bwererani m'mbuyo mamita asanu mpaka khumi pomwe mukuona onse. Pitirizani kuyimba mwakadukaduka. Werengani manambala m'mutu: woyambitsa, wobwezera, ndi wochokera kutali. Goloboyi wothamanga mamita 50 kudzalowa m'gulu sabwera kudzaleretsa kawirikawiri.
5. Ngati muli ndi othandizira ovomerezeka, wapafupi alowe kudzathandiza, wakutali aime n'kulemba. Ngati onyamula mbendera ndi anthu a matimu omwewo, musadalire umboni wawo pa makhadi. Perekani pa zomwe mwaona nokha.
6. Kodolani makochi monga munapanganirana.
7. Zikazizira, tumizani timu iliyonse kumbali kwake, funsani othandizira, lembani, kenako perekani makhadi.

Musafulumire kutulutsa khadi anthu akadali mulu. Khadi lokwezedwa pakati pa gulu limayatsanso moto. Itanani olakwa mmodzimmodzi, kuyambira wolandira lofiira, ndipo ngati ofiira ndi awiri a matimu osiyana, woyamba afike kaye kwa wamkulu wake musanatulutse wachiwiri, asakakumane panjira. Kumenya, kuponda, kuluma, kulavulira ndi kutukwana ndi khadi lofiira, ndipo ngakhale kuyesa kumenya n'kuphonya ndi lofiira. Kumenya dala mnzake kumutu kapena kumaso ndi dzanja pomwe sakulimbirana mpira ndi lofiira, kupatula ngati mphamvu yake inali yosanunkha kanthu. Kukankhana pachifuwa ndi kuopsezana nthawi zambiri ndi lachikasu. Chisoni choti "ndi mwana" chisakupangitseni kusandutsa chibakera kukhala lachikasu, chifukwa womenyedwayo nayenso ndi mwana, ndipo akaona kuti palibe chilango adzabwezera yekha.

Popereka khadi, funsani dzina, lembani, muuzeni mwachidule chifukwa chake, kenako kwezani khadi m'mwamba, osati kumaso kwake. Malamulo amati wotulutsidwa achoke pafupi ndi bwalo ndi pa benchi, koma mwana wa zaka 13 simungamuthamangitsire kuseri kwa makalasi yekha, komwe ochemerera a timu inayo angamupeze. Apite ndi wamkulu uja munagwirizana, ndipo mpira usayambe asanafike m'manja mwake. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu: kuyambira pamenepo ndi udindo wa timu yake. Akakana kutuluka musamukoke. Uzani kaputeni ndi kochi kuti mpira suyamba mpaka atatuluka, apatseni mphindi zochepa zomveka, ndipo zikakanika thetsani mpira. Timu ikatsala ndi osewera osakwana 7, mpira sungapitirire.

Kuyambitsanso mpira

Apa ndi pomwe oyimbira ambiri amasokonezeka mitu itatentha. Zomwe zachitika mpira utaima sizisintha chigamulo choyamba. Wotchinga kumbuyo wagwetsa womwetsa zigoli m'bokosi, mwayimba penate, wogwetsedwayo wadzuka n'kumenya mbama: womenyayo atuluka ndi khadi lofiira, koma penate ikadalipo. Ngati kumenyako kwachitika mpira ukuyenda, ndi firikiki ya dayirekiti (yomwe ingalowe m'golo mwachindunji) pamalo pomwe kwachitikira, kapena penate ngati ndi m'bokosi la wolakwayo, ngakhale mpira unali mbali ina ya bwalo. Mukaimitsa mpira chifukwa cha mawu okha, monga kutukwana kapena kutsutsa chigamulo, ndi firikiki ya indayirekiti (yomwe mpira uyenera kukhudza kaye wosewera wina kuti chigoli chiwerengedwe). Wosewera wa pa benchi akalowa kudzamenya n'kulandira lofiira, timu yake sichepa m'bwalo.

Musanayimbe, kumbutsani makaputeni onse awiri pamodzi kuti nkhani yatha. Mphindi zisanu zotsatira yimbani mothina ngati poyamba paja, ndipo khalani pafupi kwambiri ndi mpira.

Akuluakulu a kunja kwa mzere

Nthawi zambiri mkwiyo wa mwana umachokera kunja. Kochi wofuula kuti "mthyole!" kapena bambo woima pa mzere akunyoza mwana wake yemwe amatentha bwalo kuposa fawulo iliyonse. Kuyambira 2019 makochi ndi akuluakulu a pa benchi amaonetsedwa makhadi, ndipo wolakwa akapanda kudziwika, khadi limapita kwa kochi wamkulu amene ali pa benchipo. Yambani ndi ulemu, pafupi, motsitsa mawu: "Akochi, ana akutengera kwa inu. Ndithandizeni." Akapitiriza, lachikasu. Akalowa m'bwalo kudzalimbana nanu kapena akatukwana, lofiira. Musanatulutse kochi onetsetsani kuti pali wamkulu wina wotsala ndi anawo. Ngati palibe, mpira sungapitirire bwino, ndipo ndi bwino kuuthetsa.

Ochemerera alibe khadi, ndipo musakangane nawo. Imitsani mpira, itanani eni bwalo kapena okonza mpikisano kuti amuchotse kapena amubweze kuseri kwa mzere, ndipo musayambe mpaka zitachitika. Zikakanika, kapena wina akakumenyani, thetsani mpira. Zotsatira zake adzagamula ndi eni mpikisano, musalengeze wopambana.

Wovulala

Kwa ana imitsani mpira msanga kuposa mmene mungachitire kwa akulu, makamaka akagundana mitu. Musamudzutse, musamuwongole mwendo, musamuthire madzi kumutu. Kodolani wothandiza wa timu yake, inu mutalikitse osewera ena. Ngati akudandaula khosi kapena msana, asasunthidwe mpaka atabwera wodziwa zachipatala. Wochita chizungulire, wosanza, wodzandira, wosokonezeka kapena wosakumbukira zigoli asabwererenso m'bwalo tsiku limenelo ngakhale akulira kuti ali bwino. Uzani kochi mosapita m'mbali, ndipo makolo adziwe kuti zizindikiro za kuvulala kwa m'mutu zikhoza kuonekera ngakhale patapita maola 72, monga inanenera kampeni ya mu 2024 ya FIFA ndi WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse. Wotuluka magazi atuluke, ndipo abwerere magazi atasiya komanso zovala zilibe magazi.

Wezulo yomaliza ndi lipoti

Pa mpira womwe unali wotentha, yimbani wezulo yomaliza muli pafupi ndi komwe mutulukire, koma imani pomwe mukuona matimu onse akupatsana moni. Mphamvu yanu yopereka makhadi imakhalapo mpaka mutatuluka m'bwalo, ndipo mbama zambiri zimagwa pa mzere wa moni. Ngati mukuona kuti moniwo ubala ndewu, uzani makochi kuti timu iliyonse ipite kwake. Mwana akafuna kudzapepesa kapena kufunsa, mumvereni poyera kochi wake ali pomwepo. Musakhale naye awiriwiri m'kalasi kapena m'chipinda chosinthira, musamutenge pa njinga kapena pa galimoto yanu, ndipo musatenge nambala yake ya foni.

Lipoti lembani tsiku lomwelo. Pa khadi lililonse lofiira ikani mphindi, dzina, nambala ya jezi, timu, malo a m'bwalo, mtunda womwe munaima, ngati mpira unkayenda kapena unaima, chomwe munaona, ndi mmene munayambitsiranso. Lembani kuti "pa mphindi 52 nambala 9 anamenya nambala 4 ndi chibakera cha dzanja lamanja patsaya, mpira utaima, ine ndili mamita 8", osati "anachita zankhanza". Mawu otukwana alembeni momwe ananenedwera, m'chilankhulo chomwe ananenera. Musaikemo maganizo anu pa khalidwe la mwanayo kapena chilango chomwe mukufuna, imeneyo ndi ntchito ya komiti. Ngati munaona wamkulu akumenya kapena kuopseza mwana, kaya ndi kochi kaya ndi kholo, lembani padera kwa okonza mpikisano kapena kwa mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo, ndipo nkhani ikakhala yaikulu imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana m'Malawi. Sungani kope la lipotilo, kapena lijambuleni pa foni musanalipereke.